Nkhuni za Amphawi m'Nkhalango za Mafumu a ku England

Ife amene tinabadwira m'dziko limene chisanu chimadza mwezi wa Juni ndi wa Julayi, n'kumatileka dzuwa likangokwera, sitingamvetse msanga chifukwa chake nkhani ya nkhuni inafika mpaka m'mabwalo a mafumu a ku England, nilembedwa m'makalata a chidindo pamodzi ndi nkhani za nkhondo ndi za misonkho. Koma kumeneko, kumene kuyambira Novembala kufikira Malichi dzuwa limachedwa kutuluka ndi kufulumira kulowa, kumene madzi a m'zithaphwi amauma gwa ndipo chipale chofewa chimakwirira minda, moto wa m'nyumba suli wophikira pokha ayi, koma ndiwo umene umatchinjiriza khanda ndi nkhalamba ku manda. Ndipo funso lakuti mmphawi adzazipeza kuti nkhuni zoti aothe popanda kugulitsa chakudya cha ana ake linasautsa dzikolo zaka mazana ambiri.

Pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England m'chaka cha 1066, anadza ndi mwambo wopatula madera aakulu kuti akhale osakamo nyama mfumu yokha, ndipo cha m'ma 1079 anapatula dera la kumwera limene mpaka lero litchedwa New Forest. Tisayese kuti malo otere anali thengo lopanda anthu. M'kati mwake munali midzi, minda, matchalitchi ndi mabusa a ziweto, koma zonsezo zinagwa pansi pa lamulo lapadera limene linkasamala zinthu ziwiri, ndizo nswala ndi nguluwe za mfumu, ndiponso zomera zonse zimene nyamazo zimadya kapena kubisalamo. Munthu wogwetsa mitengo popanda chilolezo, ngakhale pa malo akeake, ankaitanidwa kubwalo nalipitsidwa chindapusa; ndipo mafumu otsatira, makamaka Henry II ndi ana ake Richard ndi John, ataona kuti zindapusazo ndi kasupe wa ndalama wosaphwa, anaumitsa lamulolo kufikira akuluakulu ndi anthu wamba omwe anabuula nalo.

Komabe pansi pa lamulo la mfumu panali mwambo wakale wa m'midzi, umene ngakhale eni malo ouma mtima sanathe kuufafaniza, podziwa kuti alimi akatha ndi chisanu sipadzakhala wolima minda yawo. Mwambowo, umene ankautcha estovers, unkalola wokhala m'mudzi kutenga m'nkhalango ya mwini malo mitengo yokwanira zosowa za pakhomo pake: yokonzera nyumba, yomangira mpanda, yosemera khasu la ng'ombe, ndi nkhuni zosonkhera moto. Ufuluwo sunali wa munthuyo ayi, unali wa nyumba ndi malo ake osonkhapo moto, kotero kuti mwini nyumba akamwalira, wolowa m'nyumbamo ankaupeza ukumudikira. Kawirikawiri zololedwa zinali nthambi zouma, zogwa ndi mphepo, ndi zimene munthu angakokere pansi ndi ngowe ali chiimire. Tsono anthu a nthawi imeneyo anali ndi nzeru imene ndifuna aliyense wosamala za mitengo ailingalire: sankazula mtengo, koma ankaudula n'kusiya chitsa, chitsacho n'kutulutsa mphukira zambiri zimene zinkadulidwanso patapita zaka zingapo, chigawo china chaka chino, china chaka chamawa, mozungulira chomwecho kosalekeza. Nkhalango ya Bradfield Woods m'chigawo cha Suffolk yakhala ikudulidwa motero kuyambira cha m'ma 1252, ndipo ikali nkhalango lero lino. Kumene kunali ziweto ndi nswala zimene zikanadya mphukirazo, ankadula mtengo pamwamba, posafikira pakamwa pa nyama, nusanduka thunthu lalifupi lonenepa lobala nthambi zatsopano pamutu pake mibadwo ndi mibadwo.

Mwambo umenewu unalowa m'malemba a ufumu pa 6 Novembala 1217. Mfumu John, imene akuluakulu anaikakamiza kuvomera kalata ya ufulu yotchedwa Magna Carta ku Runnymede mu 1215, inali itamwalira, ndipo mwana wake Henry III anali mnyamata wa zaka 10. Choncho William Marshal, nkhalamba imene inkagwirizira ufumu, pofuna kukopa mitima ya anthu pambuyo pa nkhondo ya pachiweniweni, anatulutsanso Magna Carta pamodzi ndi kalata ina yaifupi yotchedwa Charter of the Forest. Kalata yachiwiriyi inabweza malire a nkhalango za mfumu, niletsa kupha munthu kapena kumudula chiwalo chifukwa cha nswala. Koma mfundo imene imandigwira mtima koposa ili chakumapeto, pamene akamba za msonkho wa panjira umene alonda a nkhalango ankatolera: analamula kuti ochita malonda ndi ngolo ndi akavalo ochokera kutali alipire ndithu, koma iwo amene amasenza kumsana nkhuni, makungwa kapena makala kukagulitsa, ngakhale ndiyo ntchito imene amadyerapo, asalipitsidwe. Taonani, m'kalata imene anakonza mabishopu ndi eni malinga, munapezeka malo a munthu wopanda ngolo, wopanda kavalo, amene chuma chake chonse ndi msana wake! Magna Carta ya chaka chomwecho nayo inakumbukira mkazi wamasiye, kuti m'masiku 40 amene akhala m'nyumba ya malemu mwamuna wake apatsidwe gawo lake loyenera la zofunika za pakhomo. Ndipo owerenga Buku Lopatulika adzakumbuka kuti mneneri Eliya anapeza wamasiye wa ku Zarefati ali kutola nkhuni pa chipata cha mudzi, pakuti kuyambira kale lomwe umphawi wa mkazi wotere umaonekera pa moto wake. Amayi athu amene amatsika phiri la Zomba atasenza mitolo, atalipira kaye chiphaso kwa alonda a nkhalango, akanamva mfundo imeneyi sakanafuna woimasulira.

Chimene chinasokoneza zinthu poyamba ndi kukula kwa mzinda wa London. Cha m'ma 1600 munali anthu ngati 200,000, pofika 1700 anaposa 500,000, ndipo aliyense wa iwo, pamodzi ndi ophika buledi, ofulula mowa ndi owotcha njerwa, ankafuna moto. Mtengo wa nkhuni unakwera kuposa wa zinthu zina zambiri, amphawi a mumzinda natembenukira ku malasha amene zombo zinkabweretsa kuchokera ku Newcastle, ngakhale utsi wake unali wonunkha kotero kuti John Evelyn analembera Mfumu Charles II kudandaula nawo mu 1661. Koma malasha ankatsika mtengo pokhapo pamene chombo chingafike kapena pafupi ndi migodi. Kumidzi ya m'kati mwa dziko, njanji isanadze, mmphawi ankadalirabe thengo la onse.

Ndipo thengo la onselo ndilo linayamba kutsekedwa. Nkhuni zitakhala malonda a phindu, eni malo anayamba kuona mtolo wa mmphawi ngati ndalama yotuluka m'thumba mwawo. Lamulo la 1663 linapatsa akuluakulu a m'mudzi mphamvu yofufuza m'nyumba za anthu oganiziridwa kuti aba nkhuni, ndipo wolephera kulipa ankakwapulidwa kapena kutsekeredwa. Pakati pa 1604 ndi 1914 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo oposa 5,200 otchingira ndi mipanda malo amene kale anali odyerana, ochuluka a iwo pakati pa 1750 ndi 1850. Amene anali ndi umboni wa ufulu wawo ankapatsidwa kachigawo ka nthaka. Koma unyinji wa amphawi, amene umboni wawo unali wakuti agogo awo ankatola nkhuni pomwepo, anatsala manja lende. M'midzi ina anapatula kamunda kakuti lendi yake izigulira amphawi malasha pa Khirisimasi, ndipo ichi chinali chabwino ndithu, koma chinasandutsa mwini ufulu kukhala wolandira zachifundo, woyenera kuvula chipewa pamaso pa womugawira. Sir Frederick Eden, m'buku lake la 1797 lofotokoza za moyo wa amphawi, anaona kuti antchito a kumpoto, kumene moto unali wotsika mtengo, ankadya phala ndi msuzi zotentha, pamene anzawo a kumwera ankangodya buledi wogula, tchizi ndi tiyi, popeza analibe nkhuni zophikira. Kusowa kwa nkhuni kunasintha ngakhale chakudya cha m'mbale.

Mudzi umodzi umene unagwiritsitsa mwambo wake ndi Loughton, m'nkhalango ya Epping, kumpoto chakum'mawa kwa London. Kumeneko eni nyumba anali ndi ufulu wosadza nthambi za mitengo, makamaka ya hornbeam, pamwamba pa mapazi 7 kuchokera pansi, kuyambira pa 11 Novembala kufikira pa 23 Epulo, kuti azikaotha kwawo, osati kugulitsa. Ankakhulupirira kuti chaka chimene adzalephera kudula nthambi yoyamba pakati pa usiku wa tsiku loyambalo ufuluwo udzatayika mpaka muyaya. Choncho chaka ndi chaka ankasonkhana pa chitunda cha Staples Hill, nasonkha chimoto chachikulu, nadikira ora la 12 nkhwangwa zili m'manja. Anthu a kumeneko amasimba nthano yakuti chaka china mwini malo anawakonzera phwando usiku womwewo kuti aledzere ndi kuiwala nthawi, koma mmodzi anazemba, nakadula nthambi, nabwera nayo kudzaionetsa pamaso pa onse.

Cha m'ma 1865, mwini malo a Loughton, John Whitaker Maitland, amene analinso mbusa wa tchalitchi cha mudziwo, anatchinga ndi mpanda maekala oposa 1,000 a nkhalangoyo. N'chinthu chomvetsa chisoni kuti dzanja limene linkadalitsa nkhosa Lamulungu ndilo linazitsekera kunja kwa thengo m'nyengo ya chisanu. Munthu wina wosauka, wokalamba kale, dzina lake Thomas Willingale, sanavomere. Iye ndi a m'banja lake anapitiriza kusadza nthambi monga ankachitira makolo awo, ndipo mu 1866 mwana wake Samuel ndi abale ena awiri anatsekeredwa m'ndende masiku 7 chifukwa cha zimenezo. Mutu umodzi susenza denga: bungwe la Commons Preservation Society, limene George Shaw Lefevre ndi anzake anali atangoliyambitsa mu 1865, linaimirira pambuyo pa nkhalambayo, nilithandiza kukasuma m'dzina la mudzi wonse. Willingale anamwalira mu 1870 mlandu wake usanagamulidwe, koma mlandu suola, ndipo zaka zimene unakhala m'bwalo zinamanga manja a Maitland kuti asagwetse mitengo ndi kugawa malowo kwa omanga nyumba.

Amene anatsiriza nkhondoyo ndi akuluakulu oyendetsa mzinda wa London, ndipo khomo limene analowera ndi lodabwitsa. Iwo anali atagula malo a manda ku Little Ilford, m'mphepete mwa nkhalangoyo, ndipo malowo anadza ndi ufulu wodyetsa ziweto m'nkhalango; pa ufulu umenewo anasumira eni malo onse amene anamanga mipanda, ndipo mu Novembala 1874 woweruza Sir George Jessel anagamula kuti mipandayo inali yosaloleka. Lamulo la 1878 linapereka nkhalango ya Epping m'manja mwa mzinda wa London kuti ikhale yosatchingidwa, yopumuliramo anthu onse, ndipo pa 6 Meyi 1882 Mfumukazi Victoria anadza yekha kudzaipereka kwa anthu ake.

Koma walira mvula walira matope. Dongosolo lomwelo limene linagwetsa mipanda linathetsanso kusadza nthambi, pakuti osunga nkhalango atsopanowo, anthu a mumzinda amene nyumba zawo zinkafunda ndi malasha, ankaona mitengo yodulidwa mitu ngati yolemala, nafuna kuti ikule mwaufulu kuti ikondweretse maso a odzacheza. Sindikana kuti nkhalangoyo inapulumuka, ndipo ana a amphawi a kum'mawa kwa London apumamo mpweya wabwino kufikira lero. Koma sindingabise kuti amene anayamba nkhondoyo, amene analawa ndende chifukwa cha mtolo wa nkhuni, ndiwo anatuluka opanda chimene ankamenyera. Mudzi wa Loughton unapatsidwa mapaundi 7,000 ngati chipepeso. Gawo lina linagawidwa kwa eni nyumba, ndipo lalikulu linamangira nyumba ya misonkhano yotchedwa Lopping Hall, imene inatsegulidwa mu 1884, pamwamba pa khomo lake pali chosema cha anthu akudula nthambi. Kuyambira pamenepo mmphawi wa ku Loughton ankagula moto wake kwa wamalonda monga wina aliyense.

Charter of the Forest inakhalabe m'buku la malamulo mpaka 1971, ndipo makope awiri a 1217 akusungidwa ku Lincoln ndi ku Durham. Ku New Forest nyumba zowerengeka zikali ndi ufulu wakalewo, ndipo chaka ndi chaka osamala nkhalango amaziunjikira nkhuni m'mbali mwa njira kuti eni ake akatute. Ku Epping, mitengo ija imene inalekedwa kudulidwa inakula nthambi zolemera kuposa mphamvu ya thunthu, ina ning'ambika ndi mphepo, ndipo mthunzi wake unapha maluwa ndi zitsamba zimene zinkamera pansi pake. Tsono m'zaka zathu zino osunga nkhalangoyo ayambanso kusadza ina mwa mitengoyo, akulipira antchito kuti achite zimene anthu a ku Loughton ankachita ndi nkhwangwa zawo popanda malipiro.