Madzi a M'chipululu ndi Thumba la Feteleza la Kumudzi

Ambiri mwa ife amene tikukhala kuno ku Dubai timangoyesa kuti dziko lino lilibe mbiri ya ulimi. Tomato timagula ku Al Aweer kapena ku Waterfront Market, ndipo pa katoni pamakhala patalembedwa Jordan, India kapena Iran. Pa zakudya khumi zilizonse zodyedwa m'dziko la United Arab Emirates, zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo zimabwera pa sitima ndi pa ndege. Mvula imene imagwa kuno chaka chathunthu nthawi zambiri sikwana mamilimita 100, pamene ku Lilongwe imafika cha m'ma 800. Komatu eni dziko lino akhala akulima kwa zaka zikwizikwi, ndipo m'zaka 50 zapitazi ulimi wawo wadutsa m'njira imene ife Amalawi tingaizindikire msanga, pakuti nafenso tidaiyenda.

Maziko a ulimi wakale wa kuno adali ngalande zotchedwa falaj. Anthu ankakumba chitsime m'tsinde mwa phiri, pomwe madzi a pansi ali pafupi, kenaka n'kuboola njira ya pansi pa nthaka yotsetsereka pang'onopang'ono, nthawi zina makilomita angapo, mpaka madziwo atatulukira okha kumunda. Ku Hili, mu mzinda wa Al Ain, akatswiri ofukula zakale adapeza ngalande yotere ya zaka pafupifupi 3,000, ndipo mu 2011 bungwe la UNESCO lidaika malo akale a Al Ain pa mndandanda wa chuma cha anthu a dziko lonse. Ku Hatta, dera la Dubai la m'mapiri a Hajar, ngalande zoterezi zikuonekabe.

Munda wa pa falaj udali wosanjikiza. Pamwamba padali kanjedza wopereka mthunzi, pansi pake mango, mandimu ndi nkhuyu, ndipo pansi penipeni ndiwo zamasamba ndi msipu wa ziweto. Chonde chinkachokera ku ndowe za mbuzi ndi ngamila, komanso ku tinsomba touma tochokera kunyanja. Madzi ankagawana mosinthana nthawi, banja lililonse maola ake. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti falaj singathe kutunga madzi oposa amene phiri lapereka. Chilala chikagwa ngalande inkaphwera, ndipo anthu ankachepetsa minda. Moyowo sudali wa mwanaalirenji ayi. Mabanja olemera ankakhala ndi maola ambiri a madzi kuposa osauka, ndipo Sheikh Zayed atayamba kulamulira Al Ain mu 1946, ina mwa ntchito zake zoyamba idali kukonzanso ngalande zogumuka ndi kuonetsetsa kuti alimi osauka nawo athirireko.

Kusintha kudayamba mu 1955, pamene Angerezi, omwe nthawi imeneyo ankayang'anira maufumu a m'mbali mwa nyanja ino, adatsegula malo oyeserapo mbewu ku Digdaga, ku Ras Al Khaimah. Koma chimene chidatembenuza zinthu kotheratu ndi mafuta. Abu Dhabi idayamba kuwagulitsa kunja mu 1962, Dubai mu 1969, ndipo maufumuwa atagwirizana kukhala dziko limodzi pa 2 Disembala 1971, boma lidayamba kugawa minda kwa nzika zake, kuwakumbira zitsime zakuya ndi kuwapatsa mapampu, mbewu ndi feteleza pa mtengo wotsika. Chipululu chidabiriwira, ndipo cholinga chake chidali chabwino: dziko lidzidyetse lokha. Vuto lidali lakuti pampu ya dizilo ilibe malire amene falaj idali nawo. Madzi ambiri a pansi pa mchenga uno adasonkhana kalekale, nyengo idakali ya mvula, ndipo sabwereranso. Zitsime zidayamba kuzama chaka ndi chaka, madzi adayamba kuwawa mchere, ndipo ngalande zambiri zakale zidauma.

Mbewu imene idamwa madzi koposa zonse idali udzu wa Rhodes, wodyetsa ngamila ndi nkhosa. Dzinali si lachilendo kwa ife. Ndi Cecil Rhodes yemwe uja, amene kampani yake inkathandiza ndi ndalama boma la atsamunda la Harry Johnston ku Zomba m'zaka za m'ma 1890, ndipo udzuwo alimi a ng'ombe zamkaka kwathu amaudziwa bwino. Ku Abu Dhabi udzu umodziwu unkamwa madzi oposa theka la madzi onse othirira, kufikira mu 2010 pamene boma lidayamba kuuthetsa n'kumaitanitsa msipu kunja.

Kufunafuna njira ina kudayamba madziwo asadafike pothera. Mu 1999 boma la UAE mogwirizana ndi Islamic Development Bank lidakhazikitsa kuno ku Dubai malo a kafukufuku a International Center for Biosaline Agriculture, kuti apeze mbewu zopirira mchere ndi kutentha. Pa mbewu zimene akhala akuyesa pali quinoa ndi salicornia, komanso mapira ndi mchewere, mbewu zomwe kwathu tidazikankhira kumbali chimanga chitatenga ufumu. Mu 2009 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loyendetsera zokolola za organic, kutanthauza zolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'mafakitale, ndipo misika ya alimi monga Ripe Market idayamba kuoneka mumzinda muno. Aliyense wa ife amene adafikako amadziwa kuti kamtolo kamodzi ka masamba kumeneko mtengo wake ungagule ndiwo za masiku angapo kumudzi. Kuno chakudya chotere ndi cha opeza bwino, ndipo manja amene amachipalira ndi a alendo anzathu a ku Pakistan ndi Bangladesh. Kwathu bonongwe ndi chisoso zomera kuseri kwa khola ndi zomwezo, koma timazitcha ndiwo za osowa.

Palinso Bustanica, imene idatsegulidwa mu 2022 pafupi ndi bwalo la ndege la Al Maktoum, komwe letesi ndi sipinachi zimamera m'mashelefu popanda dothi, nyali za magetsi zili m'malo mwa dzuwa. Madzi imasungadi, koma m'maganizo athu imeneyi ndi fakitale ina chabe, yodalira magetsi ndi feteleza wosungunula m'madzi. Nsima siyingachokere kumeneko.

Nkhaniyi ikutikhudza pa chifukwa china choposa chidwi. Feteleza wa urea amapangidwa kuchokera ku gasi, ndipo ku Ruwais, ku Abu Dhabi, kuli fakitale yake kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Gawo la feteleza amene amalowa m'Malawi kudzera ku Beira ndi Nacala limachokera m'mayiko a ku Gulf kuno. Choncho madirhamu amene timatumiza mwezi wa Novembala kuti mayi agule thumba, ena mwa iwo amabwerera konkuno. Kodi munda wa kwathu udafika bwanji podalira thumba motere?

Makolo athu ankadzala pa matutu, chimanga pamodzi ndi maungu, khobwe, nzama ndi mapira, ndipo munda ukaguga ankausiya tsala n'kukaswa mphanje kwina. Njirayi inkafuna malo ambiri. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, pamene wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni, ndiye tsala lidatha lokha. Atsamunda adaliona vuto la kukokoloka kwa nthaka, koma adalithetsa ndi chikoti. Malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 adakakamiza anthu kupanga mizere ndi milambala, okana n'kumalipitsidwa kapena kumangidwa. Ku Chigwa cha Shire anthu adalimbana nawo pa zimene zidatchedwa nkhondo ya mitumbira, ndipo mkwiyo wa malimidwe udathandiza kukoleza moto wa ndale za ufulu.

Boma la Kamuzu Banda lidabwera ndi achikumbe, makalabu a ngongole za feteleza ndi ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze adatulutsa MH17 ndi MH18, chimanga cha haibridi chokonoleka bwino mumtondo, ndipo alimi ambiri adachikonda. Koma chilala cha 1992 ndi kusintha kwa ndale zidagwetsa ngongole za makalabu, thandizo la boma pa mtengo wa feteleza lidachotsedwa, ndipo kuyambira pamenepo boma lililonse lakhala likufunafuna njira yobwezera thumba m'manja mwa mlimi. Mu 1998 kudali Starter Pack. Itadutsa njala ya 2002, boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi mu 2005, ndipo tisabise, nkhokwe zidadzaza zaka zingapo zotsatizana. Mu 2020, pansi pa ndondomeko ya AIP, mlimi ankalipira K4,495 pa thumba. Pofika 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mitengo, ankalipira K15,000. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, mwezi womwewo umene msonkhano wa COP28 udatsegulidwa ku Expo City kuno ku Dubai, komwe mayiko oposa 130 adasaina chikalata cholonjeza ulimi wosawononga nthaka ndi madzi. Mu 2025 thumba la m'sitolo lidali litapyola kale K100,000. Pa zaka zonsezi nthaka yokha idapitirira kuguga, chifukwa feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho, pamene dothi lopanda zinyalala zowolerana limauma ngati njerwa, silisunga chinyontho, ndipo thumba lomwelo limabweza chimanga chochepa.

Njira ina kwathu idalipo kale, kungoti idalibe makuponi. Alimi a ku Salima ndi ku Bwanje sadula msangu m'munda, chifukwa mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kusiya chimanga cha pansi pake chili ndi dzuwa komanso chonde. Ku Dowa, Glyvyns Chinkhuntha adayamba Tikondwe Freedom Gardens mu 1982 pa kadambo kakang'ono, akuthirira ndi ngalande zoyenda zokha popanda pampu, mofanana ndithu ndi falaj, ndipo chonde chake chinkachokera ku manyowa.

Chitsanzo chimene chimatigwira mtima kwambiri ife ogwira ntchito yothandiza mabanja ndi cha ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, chifukwa chidayambira m'chipatala osati ku ofesi ya zaulimi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ana onyentchera ankadzaza m'chipatala cha mishoni cha kumeneko, ndipo makolo awo akafunsidwa ankanena chimodzimodzi: nthaka yatha, feteleza sitingamukwanitse, kunyumba kuli chimanga chokha ndipo chimatha Disembala asanafike. Mu 2000 namwino Esther Lupafya ndi wofufuza wa ku Canada Rachel Bezner Kerr, pamodzi ndi anzawo, adayambitsa ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities ndi alimi osakwana 200. Alimiwo ankayesa okha pa kachigawo ka munda wawo: mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, soya, kalongonda, kukwirira masangwi m'malo mowatentha, kenaka chaka chotsatira chimanga pamalo pomwepo. Mbewu za mtundu wa nyemba zimakoka chonde cha nayitrojeni mu mpweya, ndipo nandolo, pokhala ndi mizu yakuya, amaboola chidindo cha pansi pa mizere n'kuyoyolera masamba ake pamwamba.

Chimene adachipeza msanga ndi chakuti kukolola mtedza sikutanthauza kuti mwana wadya. M'mabanja ena bambo ankagulitsa zonse, ndalama n'kuthera kumowa. M'mabanja ena agogo aakazi, omwe mawu awo pa kadyetsedwe ka khanda ndi lamulo, sadafunsidwe. Ndiye adayamba masiku ophikira limodzi ndi zokambirana zosonkhanitsa abambo, amayi ndi agogo, kukamba za ntchito za pakhomo ndi za mwini ndalama. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti ana a m'midzi imene idakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino kuposa poyamba. Kafukufuku wina wa Sieglinde Snapp ndi anzake, wofalitsidwa mu 2010, adapeza kuti kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu monga nandolo ankapereka zokolola zofanana ndi za chimanga chokhachokha pogwiritsa ntchito theka la feteleza.

Tikuti theka, osati kusiyiratu. Anzathu a ku Sri Lanka amene timagwira nawo ntchito kuno angatisimbire zimene zidachitika boma lawo litaletsa feteleza mwadzidzidzi mu Epulo 2021: mpunga udatsika kwambiri ndipo lamulolo lidafafanizidwa chaka chisanathe. Adali malimidwe a mtundu wina. Nafenso otumiza ndalama tingasanduke akapitawo otere mosazindikira, polamula pa foni zochita m'munda umene sitidaupondemo zaka zisanu, pamene wonyamula ndowe pamutu ndi mlongo wathu kapena mayi okalamba. Ulimi wa manyowa umalipidwa ndi thukuta, ndipo thukutalo kawirikawiri ndi la amayi.

Chomwe tingakambirane ndi abale ndi nthawi ndi ntchito ya ndalamayo. Manyowa amapangidwa anthu akangokolola, cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndipo ndi pamene pamafunika ndalama ya aganyu, ngolo kapena mbuzi ziwiri za khola. Manyowa a Mbeya, osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi makilogalamu 10 a feteleza n'kuzitsekera m'thumba masiku 21, amathandiza kuti thumba limodzi lifike patali, ngakhale mphamvu yake silingana ndi ya matumba asanu enieni. Mbewu ya nandolo ndi yotsika mtengo, koma imakhwima mochedwa. Kummwera, monga ku Mulanje ndi ku Zomba, anthu adaizolowera ndipo ziweto amazisamala. Ku Kasungu kapena ku Dowa, komwe ziweto zimamasulidwa chimanga chikangolowa m'nkhokwe, nandolo amafuna mpanda kapena lamulo la amfumu, apo ayi amathera m'mimba mwa mbuzi Julayi asanathe.