Chilanga: Mbiri ya Malo ndi Maina Ake

1. Mau Oyamba

Munthu wocoka mu Lusaka kulowera kummwera pa msewu wa ku Kafue, akayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 20, amafika pa Chilanga. Ambiri odutsapo amangoona nsanja za fakitale ya simenti ndi timisika ta m'mphepete mwa msewu, namayesa kuti malowa ndi mphukira ya Lusaka imene inaphuka mzindawo utadzaza. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti maganizo amenewa ndi olakwika, pakuti panali nthawi imene Lusaka anali kulamulidwa kucokera ku Chilanga. Tilondola mbiri ya malowa kuyambira nthawi ya njanji, tifotokoza zinthu zimene mlendo angaone kumeneko, ndipo potsiriza tiunika zimene maina a malowa amatiphunzitsa pa mbiri ya Cinyanja m'cigawo ca Lusaka. Cikhulupiriro cathu n'cakuti mphunzitsi wa cinenero amene sadziwa mbiri ya malo amene akuphunzitsako amaphunzitsa mau opanda mizu.

2. Eni Dziko ndi Kubwera kwa Njanji

Asanafike Azungu, dera lonse lozungulira Lusaka linali la Asoli, ndipo anansi ao anali Alenje kumpoto ndi Asala kumadzulo. Zinenero za mitundu imeneyi ndi za m'gulu limodzi ndi Citonga ndi Ciila, gulu limene akatswiri amalichula kuti Bantu Botatwe. Izi tazichula poyambirira cifukwa ana ambiri obadwira mu Lusaka lerolino amayesa kuti Cinyanja ndico cinenero ca makolo a dera lino. Sizili conco. Cinyanja cinabwera ndi alendo, ndipo mmene cinabwerera ndiyo mbali ina ya nkhani yathu.

Njanji yocokera ku Livingstone inafika pamalo pamene pali Lusaka m'caka ca 1905, ndipo caka cotsatira inafika ku Broken Hill, kumene tsopano timati Kabwe. Omanga njanji anali kuika malo opatukirana sitima pa mtunda uliwonse wa mamailosi pafupifupi 20, ndipo amodzi mwa malo amenewa anawacha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Pa nthawiyo panalibe cozizwitsa ciliconse pamalopo. Linali dambo lathyathyathya, lafumbi m'cilimwe ndi lodikha madzi m'dzinja, cifukwa pansi pake pali thanthwe la miyala ya laimu. Alimi acizungu ndi amalonda anayamba kumanga pafupi ndi njanji, ndipo m'caka ca 1913 kampani ya British South Africa, imene inali kulamulira dziko, inavomereza kuti pakhale kabungwe koyendetsa kamudzi ka Lusaka.

Koma boma la deralo silinali pa Lusaka. Linali pa Chilanga, pakati pa timapiri pamene madzi a mvula sadikha. Kumeneko ndiko anthu anali kukapereka msonkho, kukaweruzidwa milandu ndi kukatenga zitupa. Ulamuliro wa kampani unatha mu 1924, dziko n'kulowa m'manja mwa boma la Britain, koma Chilanga anakhalabe likulu la deralo kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930. Mu 1931 anasankha Lusaka kukhala likulu latsopano la Northern Rhodesia m'malo mwa Livingstone, ndipo katswiri wa kamangidwe ka mizinda, Stanley Adshead, analemba mapulani ake oyamba. Maofesi a boma la deralo anasamukira ku Lusaka, ndipo mu 1935 mzindawo unakhala likulu. Kuyambira pamenepo kholo linasanduka mwana wa mwana wake.

3. Simenti

Mwala umene unali kuvutitsa omanga nyumba mu Lusaka ndiwo unadzutsanso Chilanga. Kuocha laimu inali imodzi mwa nchito zoyambirira m'dera lino, ndipo dzina la Giovanni Marrapodi, Mtaliyana amene anali ndi ng'anjo za laimu, likali ndi moyo m'komboni ya Marapodi kumpoto kwa mzinda. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, migodi ya mkuwa inakula ndipo simenti inayamba kufunika kwambiri. Conco mu 1949 boma la atsamunda pamodzi ndi bungwe la Colonial Development Corporation anakhazikitsa kampani ya Chilanga Cement, ndipo ng'anjo yake yoyamba inayamba nchito mu 1951.

Nchito imene inachukitsa fakitaleyi ndi kumanga damu la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959, m'nthawi ya citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Cipupa ca damulo n'cotalika mamita 128, ndipo simenti ya ku Chilanga ili m'kati mwake. Pano tiyenera kukumbukira kuti nyanja imene inabadwa ndi cipupaco inamiza midzi ndi minda ya Atonga a m'cigwa ca Gwembe, ndipo anthu oposa 50,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa. Mbiri ya Chilanga siingalekanitsidwe ndi magetsi a ku Kariba, komanso siingalekanitsidwe ndi misozi ya ku Gwembe.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, kampaniyi inadzalowa m'gulu la makampani a boma, ndipo mu 1969 inatsegula fakitale yaciwiri ku Ndola. Pamene boma linayamba kugulitsa makampani ake, Chilanga Cement inagulitsidwa mu 1994, ndipo mu 1995 inakhala kampani yoyamba kulembetsa pa msika wa masheya wa Lusaka. Mu 2001 inagulidwa ndi kampani ya ku France ya Lafarge, imene pambuyo pake inaika dzina lake pa fakitaleyo. Mu 2021 kampani ya ku China ya Huaxin inagula gawo lalikulu la masheya, ndipo dzina lakale la Chilanga Cement linabwezeredwa. Kwa ife ophunzira zinenero, cocititsa cidwi n'cakuti eni atsopano anaona phindu m'dzina limene linali litacotsedwa. Eni amasintha, koma dzina limene lakhazikika m'kamwa mwa anthu silizuka msanga. Tionenso kuti mtundu wina wodziwika wa simenti ya kampaniyi unapatsidwa dzina la Cinyanja lakuti Mphamvu. Wamalonda amadziwa cinenero cimene ogula ake amalankhula.

4. Zimene Mlendo Angaone

Malo amene ana a sukulu a mu Lusaka amawadziwa koposa ndi Munda Wanga. Unayambidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi Ralph Sander, wanchito wa boma la atsamunda m'dipatimenti ya nyama za m'chire, amene anasonkhanitsa mitengo ndi maluwa a kuno ndi a maiko akutali pamalo ake. Pambuyo pa ufulu mundawo unalowa m'manja mwa boma, ndipo anaonjezapo malo osungiramo nyama. M'zaka za mavuto a cuma, za m'ma 1980 ndi 1990, malowa anaonongeka kwambiri ndipo nyama zinavutika, kufikira mu 1998 pamene bungwe loima palokha linayamba kuwakonzanso n'kuwasandutsa malo ophunzitsirako za cilengedwe ndi osamalirako nyama zopulumutsidwa kwa ozigwira mosaloledwa. Kwa mwana wobadwira ku Kanyama kapena ku Chawama, amene makolo ake sangathe kumutengera ku cigwa ca Luangwa, Munda Wanga kawirikawiri ndiwo malo oyamba kumene nyama za m'nthano za agogo zimasanduka nyama zenizeni.

Sizinangocitika mwangozi kuti munda wotere ukhale pa Chilanga. Likulu la oyang'anira nyama za m'chire lakhala kumeneko kuyambira nthawi ya atsamunda. Nchitoyi inapatsidwa ku bungwe la Zambia Wildlife Authority ndi lamulo la mu 1998, ndipo lamulo lina la mu 2015 linathetsa bungwelo n'kubwezera nchitoyo ku dipatimenti ya boma, koma maofesi ake akali pa Chilanga. Dipatimenti ya nsomba nayonso ili komweko pamodzi ndi maiwe ake.

Pafupi ndi pamenepo pali Mount Makulu, likulu la kafukufuku wa zaulimi m'Zambia, kumene amasunganso mbewu za makolo za mitundumitundu kuti zisatheretu. Mlimi wa ku Katete kapena ku Monze amene anabzalapo cimanga ca MM 603 kapena MMV 400 anali kuchula dzina la malowa mosadziwa, pakuti zilembo za MM zimaimira Mount Makulu. Tingathe kunena kuti simenti ya m'nyumba zathu ndi cimanga ca m'nkhokwe zathu zonse zinadzera pa Chilanga.

Mlendo asabwerere asanaone kumene anthu eni ake amakhala. Fakitale ndi madipatimenti a boma anamangira anchito ao nyumba, koma anthu obwera kudzafuna nchito anali ambiri kuposa nyumbazo, ndipo m'mphepete munabadwa makomboni onga Freedom ndi Linda. Mu 2012 boma linapatula Chilanga ku Kafue n'kumupanga boma loima palokha. Motero, patapita zaka pafupifupi 80, Chilanga anakhalanso boma.

5. Zimene Maina Amatiphunzitsa

Tikayala maina a m'dera lino pamodzi, timaona kuti ali m'miyalo itatu ngati dothi la m'mphepete mwa mtsinje. Pansi pali maina a eni dziko, onga Lusaaka. Pamwamba pake pali maina a Cingerezi, onga Freedom, ndi osakaniza, onga Mount Makulu. Pamwamba penipeni pali maina a Cinyanja, onga Munda Wanga ndi Mphamvu.

Funso lofunika n'lakuti: n'cifukwa ninji Mzungu wokhala m'dziko la Asoli anacha munda wake m'Cinyanja? Yankho lili m'mbiri ya nchito. Boma la atsamunda linali kulemba makalaliki, amesenjala, apolisi ndi asilikali ambiri ocokera kummawa kwa dziko ndi ku Nyasaland, kumene sukulu za mishoni zinayamba msanga, ndipo Cinyanja cinakhala cinenero ca apolisi ndi asilikali. Sukulu ya apolisi ya ku Lilayi, imene inatsegulidwa mu 1955, ili pakati pa Lusaka ndi Chilanga. Msewu waukulu wa kummawa ndi mlatho wa pa Luangwa, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1930, zinatsegulira Acewa, Ansenga ndi Angoni njira yobwerera ku likulu latsopano. Conco Cinyanja ndico cinenero cimene Mzungu wa m'boma anali kulankhula ndi anchito ake, ndiponso cimene Mlozi ndi Mbemba anali kumvana naco pa fakitale. Pamene boma la Zambia linasankha zinenero zisanu ndi ziwiri zogwiritsa nchito m'sukulu ndi pa wailesi, zomwe ndi Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde, Lusaka anapatsidwa Cinyanja. Cisoli sicinalowe m'gululo.

Apa mpamene ife aphunzitsi a Cinyanja tiyenera kucenjera. Wolankhula Cinyanja akamva dzina lakuti Chilanga, khutu lake limathamangira ku mneni wakuti kulanga, ndipo popeza pamalopo panali boma loweruza milandu, nkhani imaoneka ngati yatha. Koma Mbemba akamva dzina lomwelo amakumbukira ukulanga, kutanthauza kuonetsa, monga m'mwambo wa ukwati wa icilanga mulilo. Makutu awiri, matanthauzo awiri, ndipo onse awiri ndi makutu a alendo. Kufanana kwa mamvekedwe si umboni wa ciyambi ca dzina. Citsanzo cotithandiza ndi liu lakuti boma lenilenilo. Ambiri amakhulupirira kuti ndi cidule ca mau a Cingerezi, pamene ndi liu la Ciswahili lotanthauza linga kapena mpanda, lomwe linalipo Angerezi asanamange ofesi ndi imodzi yomwe m'dziko muno. Dzina la m'dziko la Asoli liyenera kufunsidwa kwa akuluakulu a Asoli ndi anansi ao, osati kwa mtanthauziramau wa Cinyanja.

Palinso nkhani ya kalembedwe. Malamulo a kalembedwe ka zinenero za m'Zambia amene unduna wa zamaphunziro unasindikiza mu 1977 amasiyanitsa c ndi ch, monga m'mau akuti kucedwa ndi kuchedwa. Koma maina a pa mapu, onga Chilanga, Chilenje ndi Chipata, anasunga kalembedwe ka Cingerezi. Mwana amene waphunzira kulemba caka ndi cimanga m'kalasi amatuluka panja n'kuwerenga Chilanga pa cikwangwani. Mphunzitsi wanzeru sabisa kusiyana kumeneku, koma amakusandutsa phunziro la mbiri.

6. Mau Omaliza

Taona kuti Chilanga anali boma Lusaka asanakhale likulu, kuti simenti inamudzutsa atasiyidwa, ndiponso kuti nchito za nyama, nsomba ndi mbewu za dziko lonse zili ndi likulu lao kumeneko. Mbali ya mbiriyi imene inalembedwa bwino ndi ya makampani ndi madipatimenti. Mbali ya anthu, ndiyo ya Asoli amene anaona boma likumangidwa ndi ya anchito oyamba a pa ng'anjo, ili m'mitu ya okalamba, ndipo amene anagwira nchito pa fakitale mu 1951 atsala owerengeka. Pempho lathu kwa anzathu a m'madipatimenti a zinenero ndi kwa aphunzitsi a m'sukulu za m'deralo n'lakuti ulendo wa ana wopita ku Munda Wanga usathere pa khola la nyama. Anawo atumidwe kukafunsa agogo ao maina a timapiri, timitsinje ndi midzi imene inalipo misewu isanadulidwe, awalembe monga momwe eni ake amawachulira, ndi kulembanso cinenero ca munthu amene wawauzayo. Nchito imeneyi siifuna ndalama zambiri, koma ifuna kuyambidwa okalambawo akali moyo.