Python ndi magetsi a ku Mbare

Kompyuta simva chinenero cha munthu. Pakati pa wolemba pulogalamu ndi makina pamakhala womasulira wotchedwa compiler. M'chinenero cha Python, chomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, womasulirayu amasandutsa zolembedwa kukhala timalangizo totchedwa bytecode. Aliyense ali ndi ufulu wosuzumira m'kati mwake, kupeza cholakwika ndi kutumiza chigamba. Kwa zaka zambiri, gawo lalikulu la ntchitoyi linkagwiridwa ndi anthu ongodzipereka, ataweruka kumene amalandira malipiro.

Zimene anthuwa amagwirizana zimafika kutali. Python asanafike pa 3.0 mu Disembala 2008, mayina a zinthu m'pulogalamu ankalembedwa ndi zilembo za Chingerezi zokha. Ganizo la Martin von Löwis, lotchedwa PEP 3131, linatsegula khomo, moti lero compiler amalandira dzina ngati Malaŵi popanda kukana ŵ wathu.

Ku Harare, nkhaniyi inamveka kwambiri kudzera m'misonkhano ndi m'makalasi. Mu Novembala 2016, Anna Makarudze ndi Humphrey Butau anali m'gulu lokonza PyCon Zimbabwe yoyamba. Marlene Mhangami, mmodzi mwa oyambitsa ZimboPy yophunzitsa atsikana kulemba mapulogalamu, anasankhidwa mu 2017 kulowa m'bodi ya Python Software Foundation, Mwafirika woyamba kukhala pampandowo. Mu 2019 anatsogolera PyCon Africa ku Accra.

Kugwira ntchito ya gulu popanda malipiro si kwachilendo m'malokeshoni a mzindawu. Anthu ochokera ku Nyasaland amene anakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku m'nthawi ya atsamunda anayambitsa mabungwe a maliro. Ankasonkha ndalama, kusankha mlembi ndi msungichuma, kuti mnzawo womwalira kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, komanso kuti gulu limakhalitsa likakhala ndi malamulo. Python naye anaphunzira zomwezo: van Rossum atatula pansi utsogoleri mu Julaye 2018, opanga chinenerochi anakhazikitsa komiti yosankhidwa ya anthu 5.

Kusiyana kuli pa mtengo wolowera. Wa bungwe la maliro ankafunika chopereka, manja ndi nthawi. Wokonza compiler amafunika kompyuta, intaneti ndi maola ambiri osadodometsedwa. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ku Harare ankazima mpaka maola 18 patsiku n'kumabwera pakati pa usiku. Wophunzira wa ku Mufakose wofuna kuyesa chigamba chake ankayenera kusinthanitsa tulo ndi ntchito yosalipidwa.

Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Python amawerenga zilembo zake zonse. Chimene mdzukulu wa mtchona akusowa kuti dzina lake lilembedwe pakati pa okonza compiler ndi maola a magetsi ndi ndalama ya bandulo.