Mtunda wa ku Joni

Iwo amene amayeza dziko amatiuza kuti kuchokera ku Chileka kukafika ku Johannesburg, munthu akatsata njira ya mumlengalenga, pali makilomita oposa 1,300, ndipo kuti ndege ya makono imatha mtundawu m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Koma anthu a ku Machinga ndi Balaka, amene kale anali a boma limodzi lotchedwa Kasupe, sanauyezepo motero, pakuti kwa iwo kutalika kwa njira ya ku Joni kwakhala kukutsata zimene zili m'thumba la woyendayo.

Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, ndipo atsamunda ataika msonkho wa nyumba umene sunkalipidwa ndi misozi, amuna oyamba ananyamuka wapansi ndi kamba wa ufa, naoloka Shire ndi Zambezi, nagwira ganyu m'mafamu a ku Rhodesia kuti apeze mphamvu yopitirira, kotero kuti ulendo unkadya miyezi. Ndipo amene njirayo inawameza osabwereranso ndiwo tikuwatcha matchona. Mu 1935, pamene mlatho wa Zambezi unatsegulidwa ku Sena ndipo njanji ya ku Salima inadzera pa Balaka, miyezi ija inasanduka masiku.

Chodabwitsa chachikulu chinadza m'zaka za m'ma 1950, pamene Wenela, bungwe lolemba anthu a m'migodi, inayamba kuwanyamula pa ndege. Mnyamata wa kwa Kawinga kapena wa kwa Nsamala, atavula malaya pamaso pa dokotala, nakwera sikelo, nadinda chala papepala limene sankatha kuliwerenga, ankauluka kuchokera ku Chileka kukatera ku Francistown, kumene sitima inkamutengera kumigodi. Chomwecho munthu amene analibe ngakhale njinga anakwera kumitambo mfumu ya kwawo isanakwereko, komatu anakwera chifukwa eni migodi anafuna thukuta lake msanga.

Akulu anati walira mvula walira matope. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, nipha anthu 78, ambiri a iwo Amalawi amene anali atamaliza ntchito yawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku Joni, pa nthawi imene oposa 100,000 anali kumeneko. Njirayo inatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu athu amati Theba, kufikira mu 1988 pamene mkangano wa kuyeza magazi a Edzi unaitseka.

Lero ndege ya ku Johannesburg ikuulukabe, koma popeza palibenso bwana wolipirira mmphawi, zidzukulu za anthu a Wenela zimakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kugona masiku awiri pampando, pa ulendo umene agogo awo ankadula gawo lake lalikulu m'maola ochepa.