Mafumu a ku Persia ndi maiko akuluakulu pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse

Pa 1 Novembala 1914, boma la Persia, dziko lomwe kuyambira mu 1935 limadziwika kuti Iran, lidalengeza kuti silidzakhala mbali iliyonse pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Chilengezocho palibe amene adachilabadira. Asilikali a Russia, Britain ndi ufumu wa Ottoman adamenyana m'dzikolo kwa zaka zinayi, pamene nthumwi za Germany zinkayendayenda m'mapiri ndi golide komanso malonjezo. Popeza boma la ku Tehran lidalibe mphamvu kumadera akutali, maiko akunjawa ankakambirana mwachindunji ndi mafumu a mitundu ndi abwanamkubwa a zigawo. Ambiri mwa mafumu amene adapindula ndi ubale umenewu adadzaulipira pamtengo wowawa nkhondo itatha.

Dziko logawidwa eni ake asadafunsidwe

Pa 31 Ogasiti 1907, Britain ndi Russia adasainirana pangano mumzinda wa St Petersburg logawa Persia m'zigawo zitatu. Chigawo cha kumpoto, momwe muli mizinda ya Tehran, Tabriz, Mashhad ndi Isfahan, chidakhala m'manja mwa Russia. Chigawo cha kummwera chakuvuma, kufupi ndi malire a India wa nthawiyo, chidakhala cha Britain, ndipo chapakati adati sichikhala cha wina aliyense. Boma la Persia silidaitanidwe ku zokambiranazo. Mu Malichi 1915 maiko awiriwa adagwirizananso mwachinsinsi kuti Britain atenge chigawo chapakati chija, ndipo Russia adzalandire mzinda wa Constantinople nkhondo ikatha.

Mfumu Ahmad Shah, ya banja la Qajar, idavekedwa chisoti chaufumu mu Julayi 1914 ikadali mnyamata. Magulu ankhondo odalirika omwe boma lake lidali nawo adali awiri okha, ndipo onsewo ankatsogoleredwa ndi alendo. Gulu la Cossack, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1879, lidali ndi akuluakulu ochokera ku Russia, pamene apolisi ankhondo oteteza misewu, omwe adayamba mu 1911, adali pansi pa akuluakulu ochokera ku Sweden. Kummwera, mfuti zambiri zidali m'manja mwa mitundu ya Bakhtiari, Qashqai, Khamseh ndi Aluya a m'mbali mwa mtsinje wa Karun.

Mafuta ndi Sheikh Khazal

Chidwi cha Angerezi chidakula pamene mafuta adapezeka ku Masjed Soleyman mu Meyi 1908, potsatira chilolezo chomwe William Knox D'Arcy adalandira mu 1901. Ngakhale chilolezocho chidachokera ku Tehran, malo a zitsimewo adali a mafumu a Bakhtiari. Pachifukwa ichi, kale mu 1905 Angerezi adapangana ndi mafumuwo kuti azipereka alonda, iwo n'kumalandira ndalama chaka ndi chaka pamodzi ndi magawo atatu pa 100 alionse a masheya a kampani zokumba mafuta m'dera lawo.

Mapaipi opita kunyanja adadutsa m'dziko la Sheikh Khazal, yemwe adalamulira ku Muhammara kuyambira mu 1897. Mu 1909, Percy Cox, woimira Britain mumzinda wa Bushehr, adakambirana naye mpaka adabwereketsa malo pachilumba cha Abadan kuti kampani ya Anglo-Persian Oil imangepo fakitale yoyenga mafuta. Khazal adalandira ngongole ya mapaundi 10,000. Mu 1914, mwa khama la Winston Churchill, yemwe ankafuna kuti sitima zankhondo zileke malasha n'kumayendera mafuta, boma la Britain lidagula magawo 51 pa 100 alionse a kampaniyo.

Nkhondo ndi ufumu wa Ottoman itayamba mu Novembala 1914, asilikali ochokera ku India adatsikira pamathiriro a mtsinje wa Shatt al-Arab kudzateteza Abadan, kenaka adalanda Basra. M'mwezi womwewo Cox adalembera Khazal kalata yomutsimikizira kuti Britain idzamuthandiza ngati boma la Persia litafuna kumulanda ufulu wake kapena chuma chake. Khazal adakana kumvera mfuu ya Ottoman yoti Asilamu onse aukire Angerezi, koma si anthu ake onse amene adamutsatira. Mu Febuluwale 1915 ena a fuko la Bawi adaboola mapaipi, ndipo mafuta adasiya kuyenda kwa miyezi ingapo kufikira asilikali a Britain adakhazikika ku Ahvaz.

Wassmuss ndi mafumu a Tangistan

Germany idalibe gulu lankhondo ku Persia, choncho idadalira anthu ochepa odziwa chinenero ndi miyambo ya kumaloko. Wotchuka kwambiri adali Wilhelm Wassmuss, yemwe adakhalapo kazembe wa Germany ku Bushehr nkhondo isadayambe. Iye adabwerera kummwera kwa Persia kumayambiriro kwa 1915 ndipo adagwirizana ndi mafumu a Tangistan ndi madera oyandikana nawo, monga Rais Ali Delvari, Zair Khezr Khan wa ku Ahram ndi Sheikh Hossein Khan wa ku Chah Kutah. Mafumuwa adali kale ndi madandaulo awo, chifukwa sitima za Britain zinkatsekereza malonda awo a mfuti panyanja.

Anthu a Tangistan atapha akuluakulu awiri a asilikali a Britain pafupi ndi Bushehr mu Julayi 1915, Angerezi adalanda mzindawo pa 8 Ogasiti ndi kuphwasula mudzi wa Delvar. Rais Ali adaphedwa mu Sepitembala chaka chomwecho, ndipo ku Iran amakumbukiridwa ngati ngwazi yolimbana ndi atsamunda. Mu Novembala, apolisi ankhondo a ku Shiraz adamanga kazembe wa Britain, Frederick O'Connor, pamodzi ndi anzake, n'kuwapereka kwa mafumu a Tangistan. Adasungidwa mulinga la ku Ahram mpaka mu Ogasiti 1916 pamene adamasulidwa posinthana akaidi.

Kumpoto, asilikali a Russia motsogoleredwa ndi Nikolai Baratov adatsikira ku Anzali chakumapeto kwa 1915 n'kulunjika ku Tehran. Aphungu ambiri a nyumba ya malamulo adathawira ku Qom, kenaka ku Kermanshah, komwe adakhazikitsa boma lawo pansi pa Nezam al-Saltaneh mothandizidwa ndi Germany ndi Ottoman. Kuvuma, Angerezi adadalira Shaukat al-Mulk, wolamulira wa ku Birjand, potchinga njira ya ku Afghanistan, ngakhale kuti gulu la Oskar von Niedermayer ndi Werner von Hentig lidazemba n'kukafika ku Kabul mu 1915.

Gulu la South Persia Rifles

Pofuna kubwezeretsa mphamvu zawo kummwera, Angerezi adatuma Percy Sykes, yemwe adafika ku Bandar Abbas mu Malichi 1916 kudzakhazikitsa gulu la South Persia Rifles. Asilikali wamba adali a ku Persia, akuluakulu adali Angerezi, ndipo malipiro ankachokera ku London ndi ku India. Sykes adalowa mu Shiraz mu Novembala 1916, ndipo gululo lidakula kufika pa amuna pafupifupi 8,000.

M'chigawo cha Fars, Angerezi adapezerapo mwayi pa udani wakale wa mabanja awiri. Banja la Qavam al-Mulk, lotsogolera mitundu ya Khamseh, lidalandira ndalama ndi zida n'kukhala mbali ya Britain. Mdani wawo, Soulat al-Dowleh, mfumu yaikulu ya Qashqai, poyamba adavomera kusunga bata pamisewu, koma adaona kuti gulu latsopanolo likumulanda msonkho wa apaulendo ndi ulemu wake. Boma la ku Tehran litakana kuvomereza gululo mu 1918, Soulat adayamba nkhondo mu Meyi. Asilikali ambiri a gululo adathawa kapena kuukira akuluakulu awo, monga zidachitikira ku Khan-e Zenyan ndi ku Abadeh. Amene adapulumutsa Shiraz adali asilikali a ku India. Angerezi adakakamiza bwanamkubwa Farman Farma kuchotsa Soulat pampando ndi kuikapo mbale wake, ndipo chimfine choopsa cha kumapeto kwa 1918 chidapha anthu ochuluka mbali zonse ziwiri.

Mtengo wake kwa anthu wamba

Pakati pa 1917 ndi 1919, Persia idagwa m'njala yaikulu. Mvula idavuta, magulu ankhondo adagula kapena kulanda tirigu ndi ziweto zonyamula katundu, misewu idatsekeka, ndipo eni minda ikuluikulu adabisa chakudya podikira kuti mitengo ikwere. Kolera ndi chimfine zidatsatira. Akatswiri a mbiri amasiyana pa chiwerengero cha omwalira, koma ambiri amatchula anthu pafupifupi 2 miliyoni.

Malonjezo atafika poyesedwa

Kusintha kwa boma ku Russia mu 1917 kudasiya Britain yokha pabwalo. Nduna yake Lord Curzon idakonza pangano la pa 9 Ogasiti 1919, lomwe likadaika chuma ndi asilikali a Persia pansi pa alangizi a Britain posinthana ndi ngongole ya mapaundi 2 miliyoni. Zitadziwika kuti nduna yaikulu Vosuq al-Dowleh ndi nduna zina ziwiri zidalandira mapaundi 131,000, anthu adakwiya, ndipo nyumba ya malamulo sidavomereze panganolo. Pa 21 Febuluwale 1921, Reza Khan adalowa mu Tehran ndi asilikali a gulu la Cossack n'kulanda boma. Panganolo lidathetsedwa, ndipo gulu la South Persia Rifles lidatha chaka chomwecho.

Apa Britain idasintha maganizo. Kazembe wake ku Tehran, Percy Loraine, adaona kuti boma limodzi lamphamvu lingateteze mafuta ndi kutchinga Soviet Union kuposa mafumu ambirimbiri. Khazal atayesa kutsutsana ndi Reza Khan mu 1924, Angerezi adamulangiza kuti agonje. Mu Epulo 1925 adagwidwa ali m'boti lake n'kutumizidwa ku Tehran, komwe adaphedwa mu 1936 ali pa ukaidi wosachoka panyumba. Muhammara adasinthidwa dzina kukhala Khorramshahr. Soulat al-Dowleh ndi Sardar Asad wa Bakhtiari adafera m'ndende m'zaka zoyambirira za m'ma 1930, ndipo anthu awo adalandidwa mfuti ndi kukakamizidwa kusiya moyo wosamukasamuka. Wassmuss adabwerera ku Tangistan mu 1924 kukayesa ulimi kuti abweze ndalama zomwe adalonjeza mafumu, koma adalephera ndipo adamwalira ali wosauka ku Germany mu 1931.

Mfumu iliyonse m'nkhaniyi idali ndi zolinga zake, ndipo ambiri adagwiritsa ntchito alendowo polimbana ndi adani awo apafupi kapena ndi boma la ku Tehran. Komabe chitetezo chomwe adalonjezedwa chidakhalapo kwa nthawi yokhayo imene iwo adali ofunika. Ku Iran, zochitika za zaka zimenezi zidazika chikaiko chachikulu pa Britain, chomwe chidaonekeranso mu 1951 pamene boma la Mohammad Mosaddegh lidalanda kampani ya mafuta ija kuti ikhale ya dziko.