Makina Openya M'kati mwa Thupi, ndi Mwambo Wace

Makolo athu sanalote kuti munthu akhoza kupenya bongo wa mnzace wamoyo osang'amba mutu. Koma m'caka ca 1973 Paul Lauterbur wa ku America anaonetsa njira yojambulira za m'kati ndi mphamvu ya maginito, ndipo makinawo achedwa MRI.

M'dziko lathu oyamba anafika m'caka ca 2008 pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa khama la Dr. Terrie Taylor ndi anzace. Pamenepo asing'anga anajambula ana okomoka ndi malungo, napeza kuti ambiri a iwo akufa anatupa bongo kufikira mpweya unaleka.

Koma cipangizo cokoma ici ciri ndi ukali wace. Maginito ace sagona usana kapena usiku, ndipo akoka zitsulo zambiri ndi mphamvu yoposa ya manja a munthu. M'caka ca 2001, ku New York, mwana wa zaka 6 anali m'makinamo, nasowa mpweya. Wina anathamanga nalo botolo lacitsulo la mpweya kuti amthandize. Botololo linalumpha, linakantha mwanayo pamutu, ndipo anamwalira. M'caka ca 2018 ku Mumbai mwamuna wina anafanso, atalowa nalo botolo lotere poperekeza mbale wace wodwala. Onse awiri analowa ndi mtima wabwino, koma liwiro lopanda mwambo linabala maliro.

Cifukwa cace asing'anga anaika lamulo ili: wodwala akakomoka m'cipindamo, ayambe amturutsa msanga, namtsitsimutsire kunja, kumene zitsulo zao zikhoza kugwira nchito popanda coopsa. Ngakhale ozima moto saloledwa kulowamo ndi zida zao wamba.

Tsono ife amene tiperekeza odwala ku zipatala zazikuru za ku Lilongwe ndi Blantyre, tisunge izi. Tisiye pakhomo makiyi, ndalama, mapini a m'tsitsi ndi lamya. Ngati m'thupi muli citsulo ca opareshoni, kapena kacidutswa kamene kanalowa m'diso posula, tinene poyera tisanalowe. Ndipo tikamva mwana wathu alikulira m'katimo, tisadziponye pakhomo; tiitane anamwino, pakuti iwo adziwa coyenera kulowa ndi cosayenera.