Malilime a M'kalasi ku Nsadzo

Mwana wa ku Nsadzo, m'boma la Chifunde m'chigawo cha Tete, amene anayamwa Chinyanja pa bere la amake, kuyambira kale ankati akangoponda pakhomo la sukulu n'kupeza kuti lilime lakwawo latsala panja ngati khasu la kudimba. Lamulo la mamishoni la 1941, limene linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa Mpingo wa Katolika, linalamula kuti m'kalasi muzimveka Chipwitikizi, ndipo chinenero cha makolo linangochisiyira katekisimu. Ufulu utadza pa 25 Juni 1975, boma la Frelimo linasungabe Chipwitikizicho, poyesa kuti ndicho chingwe chomangira pamodzi mitundu yonse kuchokera ku Rovuma kufikira ku Maputo.

Pamene nkhondo yapachiweniweni inabalalitsa anthu monga nkhosa zopanda mbusa, ambiri a m'chigawo cha Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, kumene ana ena analawa Chingerezi. Ndipo mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, ana oterewa anabwerera kwawo atasenza malilime atatu, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO inaphunzitsa ana ena a ku Tete m'Chinyanja choyamba, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono, ndipo mu 2003 boma linayamba kufalitsa njirayi m'dziko.

Inu makolo ndi aphunzitsi, lolani ana athu aphunzire malilime a kutali, koma muyambe ndi lakwawo, pakuti m'mera mpoyamba.